Mawochi a Siliva Amene Anakulira m'Nkhondo

M'mizinda ya London, Geneva ndi New York muli anthu amene amalipira ndalama zambiri kuti agule kawochi ka pa dzanja ka zaka zoposa 100, kakuda ngati kanagona m'phulusa, kamene kamatsala m'mbuyo ndi mphindi ziwiri kapena zitatu tsiku liri lonse, ndiponso kamaima mwini wake akaiwala kukapukusa m'mawa. Anthu omwewo ali ndi foni m'thumba imene imanena nthawi mosaphonya. Mukawafunsa cifukwa cake, amatembenuza kawochiko, natsegula kacitseko ka kumbuyo ndi cikhadabo, nakuonetsani tizidindo tinai kapena tisanu timene maso a munthu wamkulu sangawerenge popanda galasi lokulitsa zinthu. Tizidindo timeneto timanena kuti cigoba ca wochiyo ndi ca siliva weniweni, timanena mzinda kumene anamuyesa, ndiponso caka. Tiyeni tione kumene mawochi amenewa anacokera, ndi cimene cimakoka mitima ya anthu amene amawasonkhanitsa.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe m'caka ca 1914, mwamuna wa ku Ulaya wodzilemekeza anali kunyamula wochi yake m'thumba la cikoti, itamangidwa ku kaunyolo. Wochi ya pa dzanja inali kuonedwa ngati cibangiri, cokongoletsera akazi. Mmisiri wochuka Abraham-Louis Breguet anapangira Caroline Murat, mfumukazi ya ku Naples, wochi yotere, naipereka m'caka ca 1812, ndipo kampani ya Patek Philippe inapanga ina m'caka ca 1868 imene inagulidwa ndi mai wina wolemekezeka wa ku Hungary. Amuna anayamba pang'ono pang'ono. Pa nkhondo ya Angelezi ndi Mabunu ku South Africa, kuyambira 1899 mpaka 1902, asilikali okwera pa akavalo anali kuika wochi ya m'thumba m'kacikwama ka cikopa nkumanga pa dzanja, popeza munthu wogwira zingwe za kavalo ndi mfuti alibe dzanja lacitatu lopisa m'thumba. Ku Paris, Louis Cartier anapangira bwenzi lake Alberto Santos-Dumont, woyendetsa ndege wa ku Brazil, wochi ya pa dzanja m'caka ca 1904. Komabe anthu ambiri anali kuseka mwamuna wovala cinthu cotere.

Kusekako kunathera m'ngalande za nkhondo za ku France ndi Belgium. Pa nkhondo imeneyo mizinga inali kuombera kutsogolo kwa asilikali a mbali yake yomwe, ndipo moto wa mizingayo unali kusendera kutsogolo pa mphindi zimene akuluakulu anapangana. Asilikali oyenda pansi anali kutsata pambuyo pa motowo. Akafulumira anali kulowa m'moto wa anzao. Akacedwa anali kupeza adani atadzuka kale ndi kugwira mfuti zao. Woombera mzinga anali kutali, osaona anzakewo, motero cimene cinali kuwagwirizanitsa cinali nthawi basi. Pa 1 Julaye 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku mtsinje wa Somme, akuluakulu a magulu anayang'ana pa dzanja, ndipo nthawi itakwana 7.30 m'mawa analiza mawezulo kuti anyamata aturuke m'ngalande. Pa tsiku limodzi limenelo asilikali a Britain okwana 19,240 anafa. Ambiri a mawochi amene tikukamba pano anapangidwa m'zaka zimenezo, ndipo ena mwa iwo analipo m'mawa umenewo.

Maonekedwe ao amaonetsa kuti ndi ana a wochi ya m'thumba. Cigoba ndi cozungulira, ca mamilimita 33 kapena 35 m'mimba mwake, ndipo pamwamba ndi pansi anaochererapo timawaya topindika kuti lamba wa cikopa apitemo. Nkhope ya wochi ndi ya enamel, ndiko kuti ufa wa galasi wosungunulidwa pa moto waukali pamwamba pa kacitsulo, ndiye cifukwa cake nkhope zambiri zikali zoyera mbee mpaka lero pamene za utoto zinacita kale cikasu. Pa mawochi ambiri nambala 12 ndi yofiira, kuti diso lozolowera wochi ya m'thumba lipeze msanga pamene pali pamwamba. Pofuna kuchinjiriza galasi, ena anali kuvekapo kacitsulo ka mabowo konga sefa. M'kati muli sipulingi imene munthu amakunga popukusa kamutu ka m'mbali, ndipo mphamvu yake imatha patapita tsiku limodzi ndi maola ocepa. Kagudumu kolamulira nthawi kamagunda kasanu pa sekondi, ndiko kuti 18,000 pa ola. Mau akuti 15 jewels olembedwa pa makina anyenga anthu ambiri amene anaganiza kuti apeza miyala ya mtengo wapatali. Ndi timiyala tofiira topangidwa m'fakitale, mwa njira imene Auguste Verneuil wa ku France analengeza m'caka ca 1902, ndipo nchito yake ndi kuletsa timipini ta magudumu kuperepeseka.

Nanga cifukwa ciani siliva?

Mkulu wa asilikali wa ku Britain anali kudzigulira yekha zovala ndi zipangizo zake, pamodzi ndi wochi. Golide anali wodula kwa mnyamata wongoturuka kumene m'sukulu. Citsulo wamba cinali kucita dzimbiri m'matope ndi m'thukuta. Citsulo cosacita dzimbiri cinali citangopezeka kumene: Harry Brearley anacipanga ku Sheffield m'caka ca 1913, koma cinali colimba kwambiri kwa amisiri a zigoba za mawochi a masiku amenewo. Panalinso zigoba zochipa za nikelo. Siliva anali pakati: wofewa pomusula ndi pomuocherera, wosadyeka ndi dzimbiri, ndiponso waulemu woti mai kapena bwenzi angapereke kwa mnyamata wopita ku nkhondo popanda manyazi.

Siliva payekha ndi wofewa mopitirira, kotero kuti supuni ya siliva yekhayekha ingapindike m'manja. Amisiri amamusakaniza ndi citsulo cina kuti alimbe, ndipo kwa ife a dziko la migodi nkosangalatsa kudziwa kuti citsulo cimeneco kawirikawiri ndi mkuwa. Siliva amene Angelezi amamucha sterling ali ndi magawo 925 a siliva pa magawo 1,000 ali onse, ndipo magawo 75 otsalawo ndi mkuwa. Nambala 925 imene timaona pa mphete ndi ndolo za m'sitolo ndiye tanthauzo lake limeneli. Vuto la siliva ndi kuda. Mu mpweya muli sulufule pang'ono amene amagwirana ndi siliva nkupanga kakhungu koyamba ndi cikasu, kenaka kofiirira, potsiriza kakuda. Kakhunguko kamakhala pamwamba pokha, sikalowa m'kati monga dzimbiri licitira ndi khasu losiyidwa pa mvula.

Tizidindo ta m'kati mwa citseko

Apa ndi pamene osonkhanitsa mawochi amakhalitsa, ndipo ifenso tikhalitsapo. Mawochi ambiri akale a citsulo sanena zaka zao, munthu amangoyerekeza. Wochi ya siliva imene inagulitsidwa ku Britain iri ndi cikalata ca kubadwa kwake codindidwa m'thupi mwake. Mwambo umenewu ndi wakale kwambiri. M'caka ca 1300 mfumu Edward I inalamula kuti zinthu za siliva ziziyesedwa ndi kudindidwa mutu wa kambuku zisanagulitsidwe. Kuyambira 1478 amisiri a ku London anali kutengera nchito zao ku Goldsmiths' Hall kuti zikayesedwe, ndipo m'caka comweco anayamba kuonjezapo cilembo cosonyeza caka. Mzinda wa Birmingham unatsegula nyumba yake yoyesera m'caka ca 1773, ndipo cidindo cake ndi nangula wa combo, ngakhale kuti mzindawo uli kutali ndi nyanja. Mkango woyenda, utakweza dzanja limodzi, ndiwo umatsimikiza kuti siliva ndi wa 925.

Tsono makina ndi zigoba za mawochi ambiri a nthawi ya nkhondo zinali kucokera ku Switzerland. Kuyambira pa 1 Juni 1907, lamulo linafuna kuti cigoba ciri conse ca siliva kapena golide cocokera kunja ciyesedwe ku Britain ndi kulandira zidindo zosiyana ndi za katundu wa m'dzikomo. Pa zigoba zimenezi mkango supezekapo. M'malo mwake pali nambala 925, ndipo mzinda uli wonse unali ndi cizindikiro cina: London inali kudinda cizindikiro ca gulu la nyenyezi lochedwa Leo, Birmingham kacinthu ka ngodya zitatu, Glasgow zilembo F ziwiri zogonerana. Conco munthu wodziwa akaona mkango ndi nangula pa wochi ya makina a ku Switzerland amazindikira kuti cigobaco cinapangidwa ku England, kawirikawiri ku fakitale ya Dennison ku Birmingham, imene cidindo cake ndi A.L.D.

Cilembo ca caka cimafuna kuleza mtima. Ku London cinali kusintha kumapeto kwa mwezi wa Meyi, ndipo zilembo 20 zikatha anali kuyambiranso pa a koma ndi kalembedwe kena. Kacilembo a kakang'ono kangatanthauze caka coyamba mu 1896 kapena coyamba mu 1916. Kusiyana kwake kuli pa maonekedwe a cilemboco ndi a kampanda kocizungulira. Mizinda inayo inali ndi ndondomeko zao zao, motero munthu wowerenga cidindo ca Birmingham ndi buku la London adzaphonya ndi zaka zingapo. Palinso zilembo ziwiri kapena zitatu za munthu amene anapereka cigobaco kuti ciyesedwe. Anthu ambiri amaganiza kuti ameneyo ndiye mmisiri, koma si nthawi zonse. Zilembo GS, zimene zimapezeka pa mawochi osawerengeka, ndi za George Stockwell, amene kampani yake inali yonyamula katundu ndi kuimira amalonda a ku Switzerland.

A ku Switzerland nawonso anali ndi nyama zao. Siliva wa magawo 800 anali kumudinda mbalame yonga nkhwali, wa magawo 875 cimbalangondo. Pa katundu wopita ku Britain anali kugwiritsa nchito siliva wa magawo 935, wodindidwa zimbalangondo zitatu, pofuna kuti ngakhale oyesa a ku London akhwimitse bwanji, asapeze kuti waperewera pa 925. Lamulo latsopano la 1933 linabweretsa bakha pa siliva wa 925. Munthu amene waphunzira nyama zimenezi amatha kuona msanga ngati citseko ndi cigoba zinabadwira pamodzi, kapena wina anazikwatitsa pambuyo pake.

Dzina limene limakweza mtengo

Mwa zilembo zonse, zimene zimasuntha mtima wa wogula ndi W&D. Hans Wilsdorf, mnyamata wa ku Germany, ndi mlamu wake Alfred Davis anatsegula kampani ya Wilsdorf & Davis ku London m'caka ca 1905. Iwo anali kuitanitsa makina kwa Aegler ku Bienne m'dziko la Switzerland ndi kuwaika m'zigoba, zambiri za siliva. Dzina lakuti Rolex analilembetsa m'caka ca 1908, ndipo mu 1914 wochi yao ya pa dzanja inalandira cikalata ca kalasi A ku Kew Observatory, kumene anali kuyesa mawochi osunga nthawi mosaphonya. Mu 1915 boma la Britain, posowa ndalama za nkhondo, linaika msonkho wa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo pa mawochi ocokera kunja, ndipo pofika 1919 Wilsdorf anali atasamukira ku Geneva.

M'zaka zimenezo eni masitolo sanali kufuna dzina la wopanga pa nkhope ya wochi. Anali kulembapo lao, kapena kusiya popanda kanthu. Motero Rolex yeniyeni ya 1916 kawirikawiri iribe dzina kutsogolo, ndipo umboni wake uli pa makina ndi m'kati mwa citseko. Anthu acinyengo amadziwa kuti wogula wosazolowera amayang'ana kutsogolo, ndiye amatenga wochi ya siliva yopanda dzina nalembapo Rolex ndi utoto watsopano. Wochi wamba ya siliva ya nthawi ya nkhondo ingagulidwe ndi mapaundi mazana ocepa, pamene yokhala ndi dzina lalikulu imafika m'masauzande, ndiye phindu la wakubayo liri pamenepo. Ife tiona kuti ambiri amene amanyengedwa amakhala atakonda dzina asanakonde wochi. Wodziwa amasangalala cimodzimodzi ndi zilembo FB zokhala ndi kiyi pansi pake, cidindo ca François Borgel wa ku Geneva, amene mu 1891 anapeza njira yolowetsa makina m'cigoba mopotokola ngati bauti, kuti fumbi ndi cinyezi zisalowe. M'zigoba za Borgel munalowa makina a Longines, IWC ndi makampani ena, ndipo zambiri zikali kutseka bwino.

Ufumu wa siliva unali waufupi. Mawochi ena oyamba a Rolex Oyster, osalowa madzi, amene anaturuka mu 1926, anali a siliva, koma m'zaka za m'ma 1930 amisiri anaphunzira kusula citsulo cosacita dzimbiri, ndipo munthu sanafunenso cigoba cimene cimadetsa mkono wa malaya. Jaeger-LeCoultre Reverso ya 1931 inaturuka ya citsulo. Patapita zaka, pa Khrisimasi ya 1969, kampani ya Seiko ku Japan inaturutsa wochi ya batire yochedwa Astron, ndipo m'zaka khumi zotsatira mawochi opukusa anaoneka ngati zinyalala. Pa nthawi yomweyo abale awiri a ku Texas, Nelson Bunker Hunt ndi William Herbert Hunt, anagula siliva wocuruka kwambiri kotero kuti mtengo wake unakwera kucoka pa madola pafupifupi 6 pa aunsi kuciyambi kwa 1979 kufika pafupifupi 50 mu Januwale 1980. Anthu anafola pa masitolo kugulitsa masupuni, mbale ndi zigoba za mawochi a makolo ao kuti zisungunulidwe. Mawochi amene tiri nao lero ndi amene anapulumuka nkhondo, kenaka ng'anjo.

Codabwitsa ndi cakuti pa misika ya okushoni mtengo sutsata citsulo. Mu Novembala 2016 wochi ya Patek Philippe ya nambala 1518 inagulidwa ku Geneva ndi mafranki oposa 11 miliyoni, ndipo inali ya citsulo wamba cosacita dzimbiri. Cinakweza mtengo ndi cakuti zodziwika za mtundu umenewo ziripo zinai zokha. Mu Okutobala 2017 Rolex Daytona ya Paul Newman, katswiri wa mafilimu, inapita ndi madola 17.8 miliyoni ku New York, nayonso ya citsulo. Mawochi a siliva sanafikepo m'mitambo imeneyo, ndipo kwa ife ici ndi cabwino, popeza asiyidwa m'manja mwa aphunzitsi, anamwino ndi opuma pa nchito amene amawagula kuti aziwavala. Makampani akuluakulu sanamuiwaliretu siliva. Cartier mu 1977 inaturutsa Must de Cartier Tank, ya siliva wa 925 wokutidwa ndi golide, ndipo Tudor mu 2021 inapanga wochi ya osambira pansi pa madzi ya cigoba ca siliva.

Pa nkhani ya kuda kwa siliva osonkhanitsa amagawanika. Ena amapukuta kuti wochi iwale monga inawalira m'sitolo. Ena amati kudako ndi imvi zake, zisacotsedwe. Ife tiri ku mbali ya opukuta ndi kansalu kofewa cabe, cifukwa mankhwala ndi makina opukutira amadya siliva pang'ono pang'ono, ndipo zoyamba kufafanizika ndi zilembo zozokotedwa kumbuyo. Madzi nawonso ndi mdani: mawochi amenewa savalidwa pocapa kapena pa mvula.

Kuwala kumene kunapha

Pali cenjezo limene sitingalisiye, makamaka kwa mabanja amene angakhale ndi wochi yakale m'kabati. Kuti msilikali aone nthawi usiku popanda kuyatsa macisi, manambala ndi mivi ya mawochi ambiri zinapakidwa utoto wosakaniza ndi radiyamu. Opaka utotowo anali atsikana a m'mafakitale, ndipo anaphunzitsidwa kusongola kaburashi ndi milomo. Pa fakitale ya United States Radium Corporation ku Orange, New Jersey, ambiri anayamba kuguruka mano, nsagwada zao zinaola, ndipo ena anafa akali acitsikana. Grace Fryer ndi anzake anai anasumira kampaniyo, ndipo mu 1928 anagwirizana kuti ali yense alandire madola 10,000 ndi madola 600 pa caka. Mlandu wao unathandiza kusintha malamulo oteteza anchito ku America. Radiyamu anapitirirabe kugwiritsidwa nchito pa mawochi mpaka m'zaka za m'ma 1960.

Utoto wa pa wochi ya 1916 suwalanso usiku, ndipo ambiri amaganiza kuti mphamvu yake inatha. Cimene cinafa ndi mankhwala owalitsa. Radiyamu mwini wake amatenga zaka 1,600 kuti mphamvu yake itsike ndi theka. Utotowo ukakalamba umasanduka wofiirira ngati dothi, umafumbutuka, ndipo umaturutsa mpweya wochedwa radon. Ngozi yaikuru ndi kupuma kapena kumeza fumbilo. Wochi yotere isatsegulidwe kutsogolo pa nyumba, isapemereredwe ndi pakamwa, isapatsidwe kwa ana kuti aseweretse, ndipo isasungidwe pafupi ndi pogona m'cipinda cosapita mphepo. Ikafuna kukonzedwa ipite kwa mmisiri amene amadziwa za utoto umenewu.

Cotsiriza cimene osonkhanitsa amayang'ana ciri kunja kwa citseko ca kumbuyo. Popeza siliva ndi wofewa, anali wosavuta kuzokota, ndipo makolo, akazi ndi anzao a pa nchito anali kulembetsapo dzina la msilikali, gulu lake la nkhondo ndi caka. Kale ogulitsa anali kufafaniza zilembozi poganiza kuti palibe angagule wochi ya dzina la munthu wina. Lero wochi ya dzina lowerengeka imafunidwa koposa yosalala. Woigula amatenga dzinalo nakalifufuza m'kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda ndi maina a anthu pafupifupi 1.7 miliyoni amene anafa pa nkhondo ziwiri za dziko lonse. Nthawi zina amapeza tsiku la imfa, zaka za mnyamatayo, ndi nambala ya manda ake m'munda wina wa ku France. Nthawi zina dzinalo silipezeka m'kaundulamo, ndipo pamenepo amayamba kufufuza m'mabuku a maukwati ndi a kalembera wa anthu, kuti aone kumene mwini wochiyo anakakhala atabwerera kwao.